Wapansiyo adya chiyani?

Achemwali, lero mwandiliritsa pakhomo pa eni. Mdzukulu wanga ku Limbe wagula bokosi lagalasi lowetera nsomba. Atawaza chakudya, zapamwamba zinayamba kulimbirana, kamlamba kali phee pansi, kakungogwedeza ndevu. Ndinangomulalatira mwana wosalakwa: "Iwe, wapansiyo adya chiyani?"

Ndi mawu anu aja. Mukuikumbuka mbiya yathu ya kuseri kwa nyumba kwa Nchema, mmene tinkawetamo timatemba ndi kamlamba kakudambo? Ine ndinkangowaza gaga pamwamba n'kuthawira kosewera. Tsiku lina munandigwira dzanja, gaga ali m'manja, n'kulimiza m'madzi mpaka m'chigongono. Munati, "Wapansiyo adya chiyani? Mufikitsire pansi, Rozina. Wofatsa sapempha." Njala ya fote naini itafika, munkatigawira ife ang'onoang'ono kaphala konse, inu n'kumati mwadya kale kwa amalume. Tinkakhulupirira, si tinali ana? Chimanga chisanakhwime, tinakuikani m'manda.

Pano ndakalamba, achemwali. Ufa uli m'nyumba, thumba lodzaza mpaka kukamwa. Koma dzanja langali, ngakhale ndilimize bwanji, silifika kumene muliko.