Piritsi la Madzulo

Mng'ono wanga anamuombera m'manja kuchipatala, benchi yonse ya odwala, tsiku lomwelo limene ine ndinamva chimene chinkamupha. Mpaka lero anthu akamaomba m'manja pamsonkhano, anga amangokhala pamiyendo.

Kwathu ndi cha ku Ndunde. Tinabadwa akazi awiri, ine wamkulu, ndipo tonse tinakwatiwa pamudzi pomwepo, amuna n'kubwera kudzamanga monga timachitira kuno. Pakati pa nyumba yake ndi yanga panali kamunda ka nandolo basi. Zaka zimene zipani zinachuluka zija, maliro nawonso anachuluka. Akalipentala a pamsika anasiya kukhoma mipando, n'kumakhoma mabokosi okhaokha. Munthu akayamba kuwonda tinkati ndi tsempho, mkazi wake wathira mchere m'ndiwo ali kumwezi. Ena ankati amulodza achibale chifukwa cha munda. Dzina lenileni la matendawo aliyense ankalidziwa, koma tinkalitchula monong'ona.

Amene ankalitchula mokweza anali alamu anga, amuna a mng'ono wangayo. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ndi mawu osalala, ndipo pamaliro ambiri ulaliki unkagwera iwo. Ankaima kumutu kwa bokosi n'kumauza anamfedwa kuti matendawa ndi chikwapu cha Mulungu kwa anthu achiwerewere. Mayi wa malemu ali pomwepo pamphasa! Ine ndinkachita kudziluma lilime kuti ndisayankhe, chifukwa pakamwa panga sipachedwa.

Kenaka zinafika pakhomo pathu. Mng'ono wanga anataya khanda, mashingozi anamuzungulira m'chiuno, chifuwa chinamukakamira. Inali nthawi imene tinayamba kumva kuti mankhwala otalikitsa moyo afika kuboma, aulere, ndipo posakhalitsa anayamba kufika ndi kuchipatala chathu chaching'ono. Ndinachita kumukoka dzanja. Anamuyeza magazi, n'kumupeza nako kachilombo. Anesi anatikhazika pansi n'kutiuza malamulo. Wodwala aliyense akhale ndi gadiyani womuyang'anira, ndipo gadiyaniyo ndinali ine. Piritsi limodzi m'mawa, lina madzulo, moyo wonse, osadumphitsa, osapatsako munthu. Pobwera kudzatenga ena uzibwera ndi botolo, awerenge otsala, aone ngati ukumwa bwino.

Tsiku la mankhwalawa linali limodzi pa sabata, ndipo benchi yake inali pansi pa mtengo, moyang'anana ndi msewu pomwe a kabaza amadikirira anthu. Ukakhala pamenepo m'mawa, pofika masana msika wonse wadziwa. Ife tinangolimba mtima n'kumakhala. Nditawauza alamu kuti nawonso akayezetse, anaseka. Anati magazi awo ali bwinobwino, ndipo munthu wopemphera sayendera mantha. Koma anadzipereka kuthandiza. Anati popeza ine m'mawa ndimadutsa pakhomo pawo popita kudimba, ndiziona piritsi la m'mawa, ndipo la madzulo aziona ndi iwo monga mutu wa banja. Ndinawathokoza, ine, ndi manja awiri.

Poyamba zinayenda. Mng'ono wanga anadzuka, anayamba kupita kumjigo, tsiku lina ndinamupeza akumaliza mbale ya nyemba za kalongonda yekha, ndinamuseka kuti atimalizira nkhokwe. Koma chaka chisanathe anayamba kubwerera m'mbuyo. Zilonda m'kamwa, kutsegula m'mimba, sikelo ya kuchipatala kumangotsika. Anesi ankadabwa, chifukwa akakhuthula botolo pa tebulo n'kuwerenga, mapiritsi ankakhala ndendende mmene amayenera kukhalira. Pamene iye ankauma choncho, alamu anali kusalala. Kachifuwa kamene ankatsokomola paguwa kanatha, zidzolo zimene ankabisa m'kolala zinapola, khosi linadzaza malaya. Anthu a kutchalitchi ankati ndi chisomo.

Tsiku la m'manja lija, anesi ena achitsikana, amtima wabwino ndithu, anali atatopa ndi odwala odumphitsa mankhwala. Ananyamula botolo la mng'ono wanga m'mwamba n'kuuza benchi yonse kuti tengerani chitsanzo mayi awa, sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Anthu anaomba m'manja. Iye anangoweramitsa mutu. Pobwerera, titalowa kanjira ka m'minda, anangokhala pansi pamzere wa mbatata. Ndinamufunsa mwaukali kuti kodi mapiritsiwo amalowa pati, poti thupi silikuwaona.

"Achemwali, musakalipe," anatero. "La madzulo lija amamwa ndi abambo."

Ndinakhala pansi nanenso. Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali kudothi. Alamu ankadziwa kalekale kuti nawo ali nako. Anamuuza kuti iwo sangakakhale pabenchi paja, mpingo ungawachotse pa udindo, ndipo anthu amene anawalalikira pamaliro angawaseke mpaka kumanda. Anamukumbutsa zimene alangizi anamuuza tsiku la ukwati, kuti mkazi sadya yekha chinthu chimene mwamuna wake alibe. Ndipo iye, amene chikwatiwire sanalaweko nthutumba ya nkhuku chifukwa ndi ya abambo, anangotenga piritsi la madzulo n'kuliika pambale ngati nthutumba yomweyo. Anali ndi mantha enanso. Mkamwini akafera pamudzi pathu mkazi wake akunenepa, abale ake adzati wamupha ndi mchere.

Ndinawapeza alamu akumata chubu cha njinga pakhonde. Sindinawapatse moni. Ndinawauza kuti mankhwala alipo aulere, a iwo okha, botolo lawolawo, chofunika ndi matako oti akakhale pabenchi basi. Ndinawauza kuti akudya moyo wa mwana wa mayi anga. Sanakweze mawu, anthu otere sakweza mawu. Anapitiriza kupaka guluu.

"Alamu," anatero, "za m'banja la eni zili ndi ankhoswe ake."

Ndinapita kwa ankhoswewo, amalume athu. Anamvetsera akukanda kumutu, kenaka anati munthu wa Mulungu sitingamuvule pagulu, nkhaniyi ithere m'nyumba. Kuthera m'nyumba! Inatheradi m'nyumba, ndipo tinaitulutsa ili m'bokosi, anthu anayi atainyamula.

Ndinalanda botolo n'kukaliika kwanga, kuti mng'ono wanga azibwera kudzamwera pamaso panga m'mawa ndi madzulo omwe. Ankabwera, kudutsa mu nandolo muja akugwira nthambi. Ankaponya piritsi m'kamwa, kumwa madzi, kupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kutsanzika. Mtima wanga unakhala pansi. Tsiku lina ndikumuchapira zovala ndinaona kuti nsonga ya chitenje chilichonse ili ndi banga loyera, louma ngati phala. Ankalibisa m'tsaya, kulilavulira m'nsalu, kumanga kamfundo, n'kukapereka kunyumba lili lonyowa ndi malovu. Ndipo bambo wa jekete uja ankalimeza.

Apo ndiye ndinakanena kuchipatala. Mng'ono wanga anali atandichonderera kuti ndisatero, poopa kuti amuchotsa pa mankhwala, koma ndinanena. Sanamuchotse. Anatumiza mlangizi wa zaumoyo pa njinga kuti akacheze ndi alamu. Alamu anamulandira bwino, anamuphikitsira tiyi, anamupempherera, n'kumuuza kuti mlamu wawo ndi mkazi wansanje amene banja lake linamukanika. Zoti banja langa linatha n'zoona, mwamuna wanga anapita ku Limbe kukafuna ntchito osabweranso, koma sindinadziwe kuti zimenezo zimachiza kachilombo ka munthu wina. Mng'ono wanga anabwera kudzatenga botolo lake. Anati mankhwalawo analembedwa dzina lake, ndipo ine ndamuyalutsira mwamuna. Kwa nthawi ndithu sankandiyankhula, tikumatunga pa mjigo umodzi.

Anesi anandifotokozera kuti mankhwalawa ukamamwa theka, kachilombo kamawazolowera, kenaka ngakhale umwe onse sagwiranso. Amtundu wina analipo, koma nthawi imeneyo sankapezeka msanga, ankafuna kuyezanso ndi kudikira. Mng'ono wanga analibe thupi lodikirira. Atagona osadzukanso ndi pamene anandiitanitsa. Ndinkamusambitsa, kumutembenuza, kumudonthezera phala ndi supuni. Alamu ankabwera kudzaimba nyimbo pakhomo n'kutuluka. Nandolo anali maluwa. Masana ena anandigwira chala, ndinaweramira kuti ndimve, ndikuganiza kuti anena za mwana wathu wina kapena za munda.

"Otsalawo muwapatse abambo," anatero.

Amenewo anali mawu ake omaliza. Amayi a mpingo atabwera kudzasambitsa thupi, ndinapita pawindo pomwe botolo linkakhala kuti ndikalibweze kuchipatala. Linali litachoka kale, mtembo usanatuluke n'komwe m'nyumba.

Pamaliro analalikira mkulu wina. Anati mayiyu anali mkazi womvera, chitsanzo kwa akazi onse. Chitsanzo kachiwiri. Alamu anakhala pampando kutsogolo, mpango uli kumaso, anthu akupanga mzere kukawagwira dzanja. Patapita nthawi abale awo anabwera, tinawasudzula monga mwa mwambo, ananyamula njinga ndi jekete zawo kubwerera kwawo, mbali ya ku Mbulumbuzi. Chifukwa chimene theka lomwelo linapha mmodzi n'kusiya wina, musandifunse ine. Ndinafunsapo anesi, anati matupi amasiyana.

Zaka zinadutsa. Mabokosi pamsika anachepa, akalipentala anabwerera ku mipando. Benchi ija anthu anasiya kuiopa, ena ankachita kupatsana moni ndi a kabaza ali pomwepo. Ndiye msuweni wanga wina wokwatiwa cha ku Mbulumbuzi komweko anadwala, n'kundipempha kuti ndimuperekeze tsiku lake loyamba kulandira mankhwala, kuchipatala cha kufupi ndi kwawo. Tinakhala pabenchi. Anesi analengeza kuti tisanayambe, atiyankhule kaye bambo wina amene wakhala pa mankhwala nthawi yaitali, amene amathandiza kulangiza anzake.

Anatuluka alamu. Onenepa, tsitsi la imvi, jekete lina latsopano. Mawu anali omwe aja osalala. Anati iwo sachita manyazi, kachilombo si tchimo, ndipo munthu wobisala amadzipha yekha. Anatulutsa botolo lawo m'thumba, kulikweza m'mwamba, n'kunena kuti mankhwalawa si ogawana, ngakhale ndi mkazi wako, ngakhale ndi mwamuna wako. Benchi yonse inaomba m'manja.

Atamaliza anandiona. Anabwera akumwetulira, dzanja lili patsogolo, akuti alamu, alamu, kodi muli moyo. Ndinayang'ana botolo lija, lodzaza, dzina lawo litalembedwa pambali.

"Tsopano la m'mawa ndi la madzulo onse ndi anu?" ndinawafunsa.

Dzanja lija linatsika. Anayang'ana kumsewu, kenaka anapita kukapatsa moni anthu a kumapeto kwa benchi. Msuweni wanga anandifunsa kuti bambo abwino chonchi ndawayankhula chiyani. Ndinamuuza kuti asunthe, dzina lake laitanidwa, ndipo kuti mapiritsi ake onse awiri azidzamwera pamaso panga, kenaka n'kuyasama ndione m'kamwa.