Maliro a Mlimi Opanda Khasu

Ndinadzuka kusanache, thupi lonse likuphwanya chifukwa chogona pansi. Nyumba ya amalume ku Govanhill ndi yazipinda zitatu zokha, koma mmene tinapanikiziranamo, wotembenuka ankayamba wapepesa. Tinali titachezera nyimbo motsitsa mawu kuopa kusokoneza oyandikana nawo. Kunja kunkawaza kamvula kaja ka ku Glasgow kosadziwa kukata.

Amalume anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Dedza, komwe ankalima mbatatesi. Anayamba ngati waganyu pamunda wa mzungu wina kummwera kwa mzindawu, kenaka anapeza munda wawo. Sankabisa mawu, makamaka pa mavuto a anthu ogwira ntchito m'minda, ndipo pakamwa pomwepo ndi pomwe panawafikitsa ku nyumba ya malamulo ya Scotland ngati phungu. Ngakhale avale suti, m'zikhadabo simunkasowa dothi. Ndiwonso anandiitanitsa ine kudzaphunzira unamwino.

Chomwe chinkandisowetsa mtendere m'mawa umenewo ndi lonjezo langa kwa amayi, mlongo wawo wa amalume. Amayi ali ku Dedza ndipo miyendo siwalolanso kuyenda ulendo wautali. Sanafune kuti mbale wawo aikidwe kunja, koma poti mwini wake anali ataneneratu kuti adzagone kufupi ndi komwe kumakhala akazi awo ndi ana, anagonja. Chimodzi chokha anakanitsitsa. Anamva kuti kuno anthu amachoka kumanda dzenje lisanakwiriridwe, n'kusiyira makina.

"Achimwene asakwiriridwe ndi makina ngati zinyalala," anatero pafoni. "Ukalola zimenezo, iwe ndi ine tathana."

Amayi anga salankhula zocheza. Ndinakapempha kwa oyang'anira manda ndipo anavomera kuti tikwirire tokha. Nditalengeza pasiwa, abambo onse anagwedeza mitu mwamphamvu.

Kutacha tinapita ku holo ya tchalitchi, komwe amayi a chigwirizano ankaphika pa mbaula zamagetsi, maliro opanda utsi ngakhale pang'ono. Anthu anayamba kufika. Anamwino anzanga anabwera molunjika kuchokera kuntchito, zitenje atamanga pamwamba pa zikhoti. Aphungu anakhala kutsogolo. Kumbuyo kwenikweni kunakhala alimi achizungu, oyandikana minda ndi amalume, omwe magalimoto awo amatope anachita kuoneka pakati pa magalimoto onyezimira. Mwambo utatha, mdipiti unadzera mumsewu womwe amalume ankaperekamo ndiwo zamasamba, ndipo eni masitolo anaima pamakomo mpaka tonse tinadutsa.

Kumanda tinatsitsa bokosi ndi zingwe, aliyense wa pabanja chingwe chake, monga amachitira kuno. Abusa anatseka ndi pemphero. Abambo athu anavula majekete, napinda malaya, kenaka anayamba kuyang'anana. Panalibe khasu ngakhale limodzi.

Kwathu palibe amene amauza adzukulu kuti atenge makasu, amangotulukira nawo. N'chifukwa chake sizinandifikire m'mutu, ndipo aliyense ankayesa kuti mnzake abweretsa. Koma ndani amasunga khasu m'nyumba zosanjikizana za ku Glasgow? Wantchito wa kumanda anali ndi fosholo imodzi. Anatiuza mwaulemu kuti masana kuli maliro ena, ndipo dothi lonyowa lija ndi fosholo imodzi sitingalimalize. Makina anali ataima kuseri kwa mitengo. Ndinalira, ndipo kunena zoona sindinkalira amalume, ndinkalira manyazi ndi mantha a zomwe ndikawauze amayi.

Mlimi wina wokalamba anandiyandikira n'kufunsa chomwe chavuta. Ndinamufotokozera za mwambo wathu ndi za amayi. Anangokodola anzake n'kulowera koimika magalimoto. Posakhalitsa anabwerera atasenza mafosholo, ena akadali ndi manyowa. Galimoto ya mlimi kulikonse sisowa chokumbira.

Fosholo yoyamba anaipereka kwa mwana wamkulu wa amalume. Kenaka kunali kulandirana, Amalawi ndi azungu, mmodzi akatopa wina n'kulowapo. Phungu wina anamira nsapato m'matope, koma fosholo sanaisiye. Amayi a chigwirizano aja anayambitsa nyimbo ndipo sitinachoke mpaka mtumbira utaima bwinobwino.

Madzulo anthu onse atabalalika, m'nyumba munangotsala ine ndi aanti, akazi a amalume, omwe anali atagona pampando nsapato zili kuphazi. Ndinalowa kukhitchini n'kuimbira amayi. Sanafunse za maluwa kapena za akuluakulu omwe analankhula. Anangofunsa kuti anakwirira ndani. Ndinawauza zonse, ngakhale za kupusa kwanga.

"Azunguwo anagwira fosholo ndi manja awo?"

"Ndi manja awo, amayi. Zida zomwe zinali zawo."



"Ndiye kuti achimwene anali ndi abale kumeneko," anatero. "Asiyeni agone. Iwenso kagone, mwanawe."