Timabokosi ta Agogo Tam

Agogo Tam akandibwerera m'maganizo, choyamba kundifika ndi fungo la utuchi wa mtengo wa tcheri, lotsekemera ngati zipatso zoumitsa, limene linkakwera masitepe a nyumba yathu ku Springburn, mumzinda wa Glasgow, n'kudzatipeza pa fulati yapamwamba ngakhale titatseka mazenera onse chifukwa cha mphepo. Pambuyo pa fungolo pamabwera kulira kwa sandipepala, kuyambira m'mawa osapuma, kukusakanikirana ndi mabasi opita m'tauni ndi mvula yogogoda padenga la shedi yawo kuseri kwa nyumba.

Sanali agogo anga enieni. Anali mzungu wa komweko, wamfupi, wa zala ziwiri zoduka nsonga, amene anagwira ntchito ya ukalipentala kufakitale ya sitima mpaka mabogi atasiya kuikidwa matabwa. Ine ndinafika ku Glasgow ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kutsatira amayi amene ankaphunzira unamwino uku akugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Amayi anandilangiza kuti munthu wa imvi satchulidwa dzina lokha, ndiye ndinkati agogo Tam. Iwo atafunsa tanthauzo lake n'kulimva, anati liwulo ndi labwino, alisunga.

Ankakhala pansi penipeni ndi akazi awo, agogo Moira, amene sindinkawaona kawirikawiri. Ankadwala matenda a mitsempha oumitsa miyendo ndi kupinda zala, ndipo masiku ena tikamadutsa pakhomo pawo tinkamva kubuula, amayi n'kundikoka dzanja kuti ndifulumire.

Ndikaweruka kusukulu ndinkaima pakhomo la shedi n'kumaonerera. Sankapanga mipando kapena matebulo. Ankapanga timabokosi tating'ono tokwana m'chikhatho, tokhala ndi kabowo pamwamba ndi kena m'mbali, ndipo pashelefu panali mzere wa timene anatikana. Ndinkayesa kuti ndi mawenzulo. Mitengo ankandiphunzitsa ndi mphuno: ankandiuza kuti nditseke maso, n'kundiyandikizira kachidutswa. Wolonati ankanunkhira mowawirira ngati dothi lonyowa, ndipo anali wakuda, wolemera. Mapulo anali woyera, wolimba, wopanda fungo lililonse, ndipo ankati ubwino wake ndi umenewo. Tcheri ndiye ankamukonda, chifukwa amafiira akamakalamba ndipo amasunga kufunda kwa dzanja. Paini sankamulola m'shedimo, ati utomoni wake ukatenthedwa umatsamwitsa. Matabwa otola pamalo omanga nyumba ankawakananso chifukwa amathiridwa mankhwala. Vanishi analibe, ankapaka phula la njuchi ndi kansalu, mpaka mtengowo uwale wokha.

"Mtengo wopita pakamwa pa munthu," ankatero, "uyenera kukhala woti ungasemere mwana supuni."

Tsiku lina anandipatsa kabokosi kamodzi mwa tokanidwa tija, kopanda kanthu m'kati, kuti ndizisungamo mapini a m'mutu. Loweruka la sabata yomweyo masana kunabwera a Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, kudzationa. Atakaona patebulo anakatembenuza kawiri, kenako anafunsa amayi ngati akudziwa chimene mwana wawo akuseweretsa. Anafotokoza kuti anyamata ena kuyunivesite ali nato totere: amaikamo batire ndi kapaipi kagalasi, ndipo kamatenthetsa chamba popanda kuchiyatsa moto, munthu n'kumakoka nthunzi yake. Anawonjezera kuti fungo limene analimva pamasitepe polowa silinali la matabwa okha.

Mlongo wa amayi, amalume anga, anayamba kusuta chamba ali kusekondale kumudzi ku Ntcheu, ndipo anathera kuchipatala cha amisala. Kwathu liwu loti chamba linkanenedwa monong'ona. Panalinso nkhani ya mapepala athu okhalira m'dziko muno, amene ankayembekezera kuwonjezeredwa. Nthawi imeneyo lamulo silinkasiyanitsa wodwala ndi wosuta wamba, ndipo a Gondwe anati apolisi akadzabwera pa masitepe amenewa n'kupeza mwana wa mlendo ali ndi chinthu chotere, palibe amene adzamve zoti ndi cha mapini. Anawalangiza kuti akanene okha kuofesi yoyang'anira nyumba Lolemba, ena asanawatsogolere.

Ine ndinalira, ndipo amayi anandiletsa kupondanso kushedi. Koma amayi si munthu wonenera mnzake kuseri. M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, anavala chitenje pamwamba pa diresi la Lamlungu, anatenga kabokosi kaja, nanditenganso ine kuti ndikabweze ndi dzanja langa.

Agogo Tam anatsegula chitseko ali ndi thaulo paphewa. Amayi anawafunsa mosazungulira ngati zimene anamva zinali zoona, ndipo iwo sanayese n'komwe kukana.

"Ndi chamba, inde. Ine sindisuta, ngakhale fodya ndinasiya kale. Ndinalakwa kumupatsa mwana, pepani. Koma musanapite kulikonse kumene mukufuna kupita, lowani mumuone Moira. M'mawa uno si wabwino."

Ine anandisiya pakhomo la chipinda, koma ndinaona zonse. Agogo Moira anali pabedi, miyendo itaumirira ngati mitengo, zidendene zikugunda matiresi zokha, mano atalumana. Pakatebulo panali mabotolo a mankhwala a kuchipatala, amene ankati amawagonetsa tsiku lonse osawachotsera kukokana. Agogo Tam anatsegula zenera, anatenga kabokosi ka tcheri kofiira ndi kugwiridwa, nakaika m'dzanja la akazi awo, iwo n'kuyamba kukoka nthunzi yake. Apo m'pamene ndinamvetsa mzere wa timabokosi tokanidwa tija. Zala za agogo Moira zinali zopindika moti sankatha kugwira kapu, koma kabokosiko kanali ndi timaenje tosemedwa mmene munkagwera chala chilichonse, ndipo dzanja likapindikanso pakapita miyezi, amuna awo ankasema kena. Zogula m'sitolo zinali zachitsulo ndi pulasitiki, zinkawapulumuka n'kugwa, ndipo utsi wa chamba chopichira unkawatsokomoletsa mpaka kusanza.

Amayi anaima chilili akuyang'ana. Kenako ntchito yawo inawagwira: anapinda manja a diresi, nakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kusisita akatumba a miyendo ija monga ankachitira ndi okalamba kuntchito. Patapita kanthawi zidendene zinaleka kugunda. Agogo Moira anapuma mozama, nayang'ana chitenje cha amayi, n'kunena kuti mbalame zojambulidwapozo ndi zokongola.

Kutchalitchi tinafika ulaliki uli pakati.

Amayi sanapite kuofesi ya nyumba, komanso sananene kuti asintha maganizo. Anaika malamulo awo: ine ndizipita kushedi pokhapokha pali matabwa okha, ndisatengenso kanthu kalikonse kumeneko, ndipo zenera la kuchipinda lizikhala lotsegula kuti fungo lisamatulukire kumasitepe. Agogo Tam anavomera zonse, ndipo sanaphwanyepo ndi limodzi lomwe. Lamlungu lililonse tikabwera ku mapemphero amayi ankatsika kukasambitsa agogo Moira ndi kuwapesa tsitsi. A Gondwe atafunsanso za nkhaniyo panja pa tchalitchi, amayi anawayankha mwaulemu, atagwira manja kutsogolo.

"Bambo, ndinapita kukaona ndi maso anga. Chimene ndinapeza ndi wodwala ndi mwamuna wake. Mukafuna, tiyeni tikawapempherere limodzi."

A Gondwe sanapite, koma nkhaniyo sanaipititsenso kwina.

Chaka chotsatira amayi anapita kumudzi kumaliro, ndipo pobwera anatulutsa m'sutikesi chidutswa cha mlombwa chokulungidwa m'nyuzipepala, chotsala pa chitseko chimene bambo awo anapala kale. Anakapereka kushedi osanena kuti ndi cha chiyani. Agogo Tam anachinunkhiza, anachipala pang'ono n'kuona mizere yake yofiirira, anachigogoda ndi chala kumvetsera kulira kwake. Ndinawaona kuti achikonda kwambiri. Koma anati mtengowo sakuudziwa, sanauonepo ukatenthedwa, ndipo mtengo wosaudziwa sangauike pakamwa pa mkazi wawo ngakhale utachokera kwa mnzawo. Amayi anaseka, ndipo ndikhulupirira kuti tsiku limenelo ndi limene anayamba kuwalemekeza kotheratu. Mlombwawo anausema chogwirira cha burashi ya tsitsi, chonenepa, choti agogo Moira azitha kudzipesa okha mbali imodzi.

Agogo Moira anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Patapita zaka zingapo lamulo linasintha, madokotala ena n'kuloledwa kulembera odwala mankhwala ochokera ku chamba. Ndinathamanga kukawauza agogo Tam, amene panthawiyo anali atasiya kupala chifukwa cha maso. Anamvetsera, anagwedeza mutu, kenako anati nkhaniyo ndi yabwino kwa ena, ndipo anandifunsa ngati ndingamwe tiyi.

Lero ndimagwira ntchito yothandiza odwala kuti azitha kudzichitira zinthu kunyumba kwawo: kumanga mabatani, kutsegula mpopi, kudula buledi. Amayi anapuma pantchito, ndipo maganizo awo pa chamba akadali omwewo. Akamva fungo lake pamalo okwerera basi amasuntha n'kudandaula za ana a eni. Ine sindikangana nawo. Chimene ndinatenga kwa amayi ndi agogo Tam n'chakuti lipoti la munthu sindililemba ndisanalowe m'nyumba mwake. Mwezi watha anandipatsa fayilo ya bambo wina wa ku Easterhouse, dera lina la Glasgow, yolembedwa kuti ndi wovuta ndipo amakana thandizo. Mnzanga wa kuntchito anati ndingomuimbira foni, ndisadzivute ndi mvulayo. Ndinavala jekete, n'kukwera basi.