Mawu a Mkazi mu Sipika ya ku Kanyama

Ndinanyamuka ku Mtendere cha m'ma 7 koloko m'mawa, chikwama cha zida chili kumsana. Dzulo lake alamu anga, ba Esinati, anali atandiimbira foni. "Ba Dalitso, bwelani mumvele mweka. Mu sipika ya bakulu banu mukamba mukazi. Mukapanda kubwela, ine nilonga katundu."

Akulu angawo, ba Yohane, ali ndi kachipinda kojambuliramo nyimbo za kwaya kunyumba kwawo ku Kanyama. Ine ndimakonza mawailesi, choncho mlandu unagwera ine. Kunena zoona, akulu angawo ndinkawakayikira. Munthu wakula naye umamudziwa.

Minibasi yopita m'tauni inali makwacha 15. Bambo amene ndinakhala naye anayang'anitsitsa chikwama changa.

"Muli chani umu, bosi?"

"Vovala va mwana," ndinanama, ndikuchikumbatira.

"Mwana wanu avala mawaya?" anatero, akuloza chingwe chimene chinkalendewera panja. Basi yonse inaseka, koma chikwamacho sindinachisiye.

M'tauni ndinafika 9 koloko itangokwana. Ndinagula chinangwa chowotcha ndi nshawa, n'kukwera ina ya ku Kanyama, makwacha 12. Mvula inali itagwa masiku awiri, ndipo basi inkayenda ngati bwato. Mayi wina wonyamula kapenta atamva nkhani yanga sanachedwe kuweruza: "Iyo ni foni ya chibwenzi. Bamuna bonse ni chimozimozi."

Ndinatsika nthawi ili hafu pasiti teni, n'kudumphadumpha pamiyala mpaka pakhomo. Ba Esinati anali pakhonde, manja atapinda. Ba Yohane anandikokera pambali n'kunong'ona kuti akudziwa wochita zimenezi: mnansi wina woimba gitala, amene akufuna kuwabera nyimbo ndi kachipangizo kobisika.

Ndinayamba ndi kuzimitsa mafoni onse. Ya akulu anga anailanda ba Esinati, mosangalala ndithu. Ndinazula zingwe zonse pa mikisa, chipangizo chosakanizira mawu, n'kumabwezera chimodzichimodzi. Kiyibodi, zii. Gitala, zii. Nditayatsa kabokosi kolandira mawu a maikolofoni yopanda chingwe, sipika inachita phokoso ngati mafuta pamoto, kenako mawu a mkazi anamveka bwinobwino:

"Nakuona iwe! Bwela ukhale pafupi na ine."

"Mwamvela?" anakuwa ba Esinati. Ba Yohane anangogwira kumutu.

Koma maikolofoni yawo inali m'manja mwanga, yozimitsa, mabatire nditachotsa. Ndiye kuti panali wina pafupi wokhala ndi maikolofoni yolankhulira pa tchanelo chomwecho. Ndinafunsa nthawi imene mkaziyo amamveka. Anayang'anana. M'mawa wokhawokha, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ayi.

Tinatuluka atatu n'kuzungulira kuseri. Titadutsa nyumba ziwiri tinapeza kageti kopaka utoto wa buluu, mkati muli tiana tosaposa zaka zisanu titakhala pamphasa. Mphunzitsi wawo, ba Mutinta, anali ndi maikolofoni yofanana ndendende ndi ya akulu anga. Anatsegula geti pang'ono chabe.

"Mufuna chani? Mwatumiwa na ndani?"

Nditafotokoza, anayang'ana ba Yohane kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kanshi ndimwe! Mwamuna aimba nyimbo za malilo mu sipika yanga, bana balila. Makolo benangu bachosa bana bao, ati pano pali chipuku, mzimu wa munthu wakufa. Naitana na abusa, bapempelela sipika kawili!"

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi. Ndinadina kabatani kakang'ono pa maikolofoni ya ba Yohane ndi pa kabokosi kake, kuchoka pa tchanelo choyamba kupita pa chachinayi. Ba Mutinta anaimba ndi ana awo, kwathu kunali zii. Ba Yohane anaimba, ku sukulu sikunamveke kanthu. Ba Esinati analonjeza kuti akafotokozera okha makolo aja, popeza awiri mwa iwo amapemphera nawo limodzi.

Cha m'ma 3 koloko ba Esinati anandiperekeza pokwerera basi, atandimangira vitumbuwa mu pepala.

"Ya sipika yasila, ba Dalitso," anatero. "Koma foni yao nizababwezela mailo, osati lelo. Nikali kubelenga mameseji."

Pobwerera ndinakhala pawindo, ndikuyang'ana nyumba zothinana, denga kugunda denga. Kuti anthu a m'komboni amagawana mpopi ndi njira ndinkadziwa kale, koma kuti amagawananso mphepo yodutsamo mawu ndinaphunzira tsiku limenelo. Kwa milungu itatu nyumba ziwiri zinkaopsezana, aliyense ali ndi munthu womuloza chala, pamene kuchoka pakhomo lina kufika pa linzake sipatenga ngakhale mphindi ziwiri.