Shuga wa Nkhono

Dzulo mwana wanga wa ku yunivesite anandiuza kuti nkhono za m'nyanja yamchere zimamanga chigoba mothandizidwa ndi mapuloteni ogwira shuga. Ndinaseka mpaka misozi.

Ndili wamng'ono ku Tsangano, bambo anabwera kuchokera ku Joni ndi chigoba chotere, chokhakhala kunja, mkati chonyezimira ngati shuga. Ine ndinkayesa ndi zimenezo ankapitira kutaliko. Ndinatola nkhono m'munda wa mbatatesi, n'kumaithirira shuga wanga wa m'tiyi.

"Bambo, musapitenso. Nkhono yanga ikukumangirani china konkuno!"

Anangondisisita mutu. Shugayo anadyedwa ndi nyerere, bambo anakwera basi.

Mwana wanga akuti si shuga wa m'tiyi ayi. Chabwino. Koma akanakhala wowasunga bambo pakhomo, ndikanamwa tiyi wowawa mpaka lero.