Kaseti ya Kadona ndi minibasi yatsopano ya a Hutala

Taganizirani m'mawa wa tsiku la sukulu, nthawi itangopitirira sikisi koloko. Mumsewu wa nyumba zofanana mayi wina akusesa pakhomo, wina akuthamangira basi akumanga mabatani a malaya, ndipo pageti lobiriwira paima minibasi yoyera. Hutala ikulira kawiri, motsitsa. Woyendetsayo ndi bambo wa imvi amene savula jekete ngakhale kunja kutenthe bwanji. Ana onse a pasukulu pathu amawatcha a Hutala, ndipo ndi dzina limene ngakhale akazi awo anazolowera.

A Hutala anayamba ndi malole a simenti ali mnyamata. Msana utayamba kuvuta anasiya maulendo ataliatali n'kulowa ntchito kwa bambo wina amene ali ndi maminibasi atatu onyamula ana a sukulu. Ntchitoyi aigwira zaka khumi ndi zinayi. Amadziwa mwana amene amaiwala chikwama, amene amasanza akakhala kumbuyo, komanso awiri amene sayenera kugundana mapewa.

Pageti lobiriwira paja pankatuluka mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. A Hutala anamupatsa dzina loti Kadona chifukwa amakhala mpando wakutsogolo atawongoka, manja ali pamaondo. Kadona salankhula kwambiri. Chinthu chikasintha, ngakhale chaching'ono, amatseka makutu n'kuyamba kulira, ndipo palibe angamusunthe. Masamu amakhoza kuposa anzake ambiri, koma kuti afike m'kalasimo pankafunika mpando womwewo, msewu womwewo ndi nyimbo yomweyo. Nyimboyo inali ya kwaya, pa kaseti yakale imene inkakhala mu wailesi ya minibasi. Ikangoyamba, Kadona ankakwera yekha n'kumanga lamba.

Pakati pa teremu yachiwiri minibasi yakaleyo inafa injini. Abwana anaikokera kugalaja n'kubweretsa ina yatsopano, yonunkhira mipando. Polowetsa kaseti panalibe. M'malo mwake panali sikirini yaikulu ngati kope, yokhala ndi wailesi, foni ndi mapu momwemo. Pamapupo pankayenda kamuvi, ndipo mawu a mzimayi ankanena m'chizungu pokhotera. Abwana anali atalowetsamo nyumba za ana onse kuti dalaivala aliyense azitha kugwirizira.

Lolemba Kadona anatuluka, anaima pafupi ndi chitseko cha minibasi, n'kudikira nyimbo. M'malo mwa nyimbo anamva mzimayi uja akulamula kuti apite patsogolo. Anathawira m'nyumba n'kukabisala kuseri kwa kabati. Lachiwiri zinali chimodzimodzi, Lachitatunso. Mayi ake, amene ndi namwino pachipatala chaching'ono ndipo amalera yekha mwanayo, anatuluka ali mu yunifomu n'kutsamira pawindo.

"Achimwene, kuntchito andichenjeza kale. Mwezi uno ukatha asanakwere, ndikamusiya kwa mayi anga kumudzi."

"Kumudziko sukulu iliko?"

"Iliko, koma kalasi imodzi ana zana. Mukumudziwa Kadona. Azingokhala pakhomo."

Panatsala masabata awiri ndi theka. A Hutala anapita kumsika kwa bambo wolowetsa nyimbo m'mafulashi, anamuimbira nyimbo ija chapansipansi, ndipo bamboyo anaipeza pakompyuta yake n'kuilowetsa mu fulashi. Vuto linali kuiliza. Zala za a Hutala ndi zazikulu, zouma ndi chiwongolero, moti sikirini sinkazimva. Akadina mofatsa sipankachitika kanthu, akadina mwamphamvu pankatseguka zinthu ziwiri. Tsiku lina masana, minibasi ili pakhomo pawo, anaimbira abwana foni katatu osadziwa, ndipo kachitatuko abwana anawamva akutukwana galimoto yawo.

Akazi awo, amene amasoka zovala pakhonde, anaimitsa makina.

"Bambo ake, tiyi wazizira. Kapena mkazi mnzangayo wakuphikirani kale?"

"Mkazi wake uti? Uyu amangodziwa kulamula."

"Ndiye mwapezana. Ine zaka makumi atatu ndikukuuzani pokhotera, simunandimverepo."

A Hutala sanaseke. Anavala magalasi, anatulutsa buku la galimotoyo, lonenepa ngati njerwa, n'kuyamba kutsata mizere ndi chala. Pofika Lamlungu anali atadziwa kuti sikirini imamva bwino akaidina ndi nsonga ya chala chaching'ono, ndipo nyimbo inalira.

Lolemba lotsatira Kadona anakwera. Anamanga lamba, mayi ake anagwira pachifuwa, minibasi inanyamuka. Atayandikira pakona ya bekale yophika buledi, pakati pa nyimbo, mtsikanayo anakweza manja ngati akufuna kuwomba. Anadikira. Nyimbo inangopitirira bwinobwino. Nthawi yomweyo mawu aja anaidula n'kunena kuti akhotere kumanzere. Kadona anakuwa, anamenya mutu pampando, ana ena akumbuyo anayamba kulira nawo, ndipo a Hutala anabwerera kukamusiya kwawo. Ana khumi ndi atatu anachedwa phunziro loyamba.

Abwana anawaitana masana omwewo.

"Madala, makolo akudandaula. Mwana mmodzi asatiwonongere ntchito. Komanso mapu akusonyeza njira yachidule, inu mukuzungulira kubekale. Chifukwa chiyani?"

"Njira yake ndi imeneyo, bwana."

"Njira ya ndani? Galimoto ndi yanga."

"Ndipatseni mpaka mwezi uthe. Zikakanika, ndidzadutsa kumene mayi wa mapuyu akufuna."

Pobwerera kunyumba a Hutala ankangoganiza za manja a Kadona aja. Kenako anakumbukira. Zaka zapitazo wailesi yakale inatafuna kaseti ija, iwo anadula pophwanyikapo n'kulumikiza ndi mankhwala opaka zikhadabo a akazi awo. Kuyambira pamenepo nyimbo inkadumpha pamalo amodzi, inkachita ngati yapuma kenako n'kupitirira. Iwo anasiya kalekale kukumva kudumphako. Kadona ankawomba m'manja kamodzi pamenepo, tsiku lililonse, pakona ya bekale. Nyimbo ya kumsika ija inali yabwino kwambiri, n'chifukwa chake sinali yake.

Loweruka m'mawa anapita kugalaja. Minibasi yakale inali kuseri, pamatabwa, yopanda matayala. Makaniko, mnzawo wa masiku a malole, anawaseka.

"Aise, anthu amabwera kuno kudzafuna giyabokosi. Iwe wabwera kudzamvera kwaya?"

"Bweretsa batire, usandichedwetse."

Kaseti inali momwemo mu wailesi. Analumikiza batire, a Hutala anakhala pampando wawo wakale, anasendeza foni pafupi ndi sipika n'kuyamba kujambula mawu. Ulendo woyamba munalowa phokoso la hamala. Wachiwiri makaniko anatsokomola. Wachitatu foni inalira, anali akazi awo kufunsa ngati agula ulusi. Wachinayi anatseka mawindo onse, anauza galaja yonse kuti ikhale chete, ndipo anatuluka jekete itanyowa ndi thukuta. Bambo wa kumsika anasamutsira nyimboyo mu fulashi, akudandaula kuti imveka ngati yajambulidwa m'chidebe.

Panatsala mzimayi wa mapu. Akatsitsa voliyumu kuti iye asamveke, nyimbonso inkazimirira. Kuzimitsa mapu abwana anali ataletsa. Lamlungu masana a Hutala anakweza akazi awo kuti awagwirire buku, n'kuyamba kuzungulira misewu ya kwawo. Anadina chilichonse chimene chinkadinika. Mapu anasanduka akuda, wotchi inabwerera m'mbuyo maola awiri, ndipo kwa kanthawi mzimayiyo anayamba kulankhula chinenero china chimene onse awiri sanachimvepo.

"Anthu aziti tagula galimoto," anatero akazi awo atadutsa kachisanu pagolosale yomweyo. "Tatiyeni kunyumba, ndili ndi madiresi a eni ake."

"Kamodzi kokha."

"Kamodzi kokha kanu kaja."

Pamphambano mawu aja anayambanso. A Hutala, mtima utawawa, anagwira batani la voliyumu n'kulipotokola mzimayiyo ali pakati pa chiganizo. Mawu ake anazimirira. Nyimbo inabwerera ikumveka monga kale. Anaima pambali pa msewu n'kuyang'anana ndi akazi awo. Pamphambano yotsatira kamuvi kanakhota pasikirini popanda mawu aliwonse. Batani lomwelo linali ndi ntchito ziwiri: mzimayiyo akamalankhula limatsitsa iye yekha, akakhala chete limatsitsa nyimbo. Akazi awo anazipeza pambuyo pake m'buku muja, kumunsi kwa tsamba, m'tizilembo tating'ono kwambiri.

"Ndiye mumayenera kumudula pakamwa basi," anatero. "Zimene mumachita bwino kunyumba."

Lolemba, kutatsala masiku anayi kuti mwezi uthe, hutala inalira kawiri pageti lobiriwira. Kadona anatenga nthawi kuti atuluke. Anaima pachitseko, anapendeketsa mutu, anamvetsera kaphokoso ka kaseti kamene kamayamba nyimbo isanayambe, kenako anakwera n'kumanga lamba. A Hutala anayendetsa pa liwiro lawo lakale kuti nyimbo ndi msewu zikumane. Pakona ya bekale nyimbo inadumpha, ndipo Kadona anawomba m'manja kamodzi.

Sikirini ija a Hutala sanaikonde mpaka lero. Batire ikangochotsedwa kugalaja, mzimayiyo ankabwerera ndi mawu ake onse, ndipo a Hutala ankayenera kudzuka msanga kukazungulira naye kaye asanafike pageti lobiriwira. Fulashi anaimangirira kachingwe kofiira, ina yofanana nayo ili m'kabati mwa akazi awo pamodzi ndi ulusi. Abwana ankatchulabe za njira yachidule mwezi uliwonse. Teremu imeneyo Kadona anajomba masiku khumi. Zaka zitatu zotsatira a Hutala anamufikitsa pasukulu tsiku lililonse, ndipo chaka chatha anamaliza pulayimale.