Golosale Yathu Inathera mu Foni

Amuna anga ankadziwa kugula chimanga. Nthawi yokolola, alimi akamagulitsa motaya, iwo ankadzaza matumba kuseri kwa golosale yathu ku Lisungwi n'kumadikira miyezi ya njala. Anthu ankawatama kuti ndi munthu wodekha mtima pa malonda, ndipo mawu amenewo ankawakomera.

Ndalama za pa intaneti zija amati kiripito anaziphunzira kwa mnzawo wogulitsa mafoni ku boma. Poyamba zinakwera, mpaka anandigulira chitenje ndi nsapato. Kenaka zinayamba kutsika. Ine ndinkayesa achita mantha, koma ndinkawapeza akumwetulira kuseri kwa kauntala, maso ali pa foni. Ankati amantha onse akugulitsa, ndiye kuti nyengo yokolola yafika.

Anaguladi. Mtengo utatsikanso, anawonjezera. Ndalama zokapikulira katundu ku Blantyre zinalowa momwemo. Shuga anatha, mafuta ophikira anatha, ine n'kumatalikitsa mapaketi a mchere pa shelefu kuti manyazi achepe. Makasitomala athu anayamba kuwolokera kusitolo yoyang'anana nafe, ena akundipatsa moni wapatali ngati ndili pamaliro.

Tsiku limene anagulitsa njinga yamoto ndinalephera kupirira.

"Bambo, chimanga chikakanika malonda timadya. Nanga izizi tidzaphika?"

"Vuto lanu mayi, mumangoona lero lokha basi," anandiyankha osadzutsa mutu.

Chaka chomwecho mwana wathu wamkazi anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. M'nyumba munalibe ndi yogulira matiresi yomwe. Ndinawapempha mofatsa, ndinalira, koma iwo ankangoti tidikire pang'ono, pansi pafika kale, kwatsala n'kukwera. Mawu amenewo ndinali nditawamva kambirimbiri. Ndinapita kwa ankhoswe.

Ankhoswe anabwera, tinakhala pakhonde. Amuna anga anafotokoza nthawi yaitali, akuwaonetsa mizere yofiira pa foni. Akuluakuluwo anamvetsera mwaulemu, kenaka anagamula kuti mwana apite kusukulu. Amuna anga anagulitsa kiripito yense pamaso pathu. Zimene zinatuluka zinangokwana fizi, yunifolomu ndi matiresi. Golosale sinadzukenso.

Patapita miyezi, mtengo uja unakwera kuposa pamene anayambira.

Amuna anga sanandimenye, sanandikalipire. Ankangobwera m'mawa ndikumwa tiyi, n'kuika foni pambali pa kapu yanga, mizere yobiriwira ikuwala, iwo n'kutuluka. Kumsika, ngakhale potuluka m'tchalitchi, ankauza aliyense kuti bwenzi pano ali ndi nyumba ya lendi ku boma ndi galimoto, pakadapanda mkazi wopupuluma. Anthu anakhulupirira. Abale awo omwe ankandinong'oneza kuti ndiwaletse anayamba kundiyang'ana ngati ndine ndinadya chuma cha mbale wawo. Mtengo utadzagwanso, foni ija sinafike patebulo, ndipo palibe anandipepesa.

Pano m'golosale muja mukumeteramo anthu. Ine ndimagulitsa manachesi ndi tomato m'mbali mwa msewu. Amuna anga akadali ndi chikhulupiriro. Akapeza kangachepe amaponyamo, n'kumati ulendo uno palibe awasokoneze.

Patchuthi chapitachi, ine ndi mwana uja tikusanja tomato, anandifunsa chapansipansi ngati n'zoona kuti sukulu yake ndi imene inasaukitsa banja lathu. Ndinamufunsa amene anamuuza zimenezo. Anati anazimva kwa bambo ake, akucheza ndi anzawo pa bawo.